Ndimayimba Hallelujah koma nyimbo zina za classical zimandigonetsa: ndiyambire pati?

Funso

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Mponela ndipo ndimayimba alto m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Chaka chatha tinaphunzira Hallelujah ya Handel, ndipo inandilowa mumtima moti ndinayamba kusakasaka zina zonga iyo pa foni. Zomwe ndinapeza ndi mavidiyo a maola awiri kapena atatu, ena opanda mawu, ena a zilankhulo zomwe sindimva. Bandulo inatha, ine tulo tinandigwira. Kodi pali nyimbo zomwe mungandilozere, za classical, zauzimu ngakhale zadziko zomwe, zoti munthu n'kukhala pansi n'kumvetsera mofatsa? Komanso mnzanga wina akuti munthu wa kwaya sayenera kumvera nyimbo zadziko. Mukuti bwanji?

Yankho

Zikomo mayi. Tulo timene tinakugwiranito musachite nato manyazi, munangolowera pakhomo lolakwika. Mavidiyo ambiri a maola atatu aja amangounjikamo tizidutswa ta nyimbo zosiyanasiyana kuti anthu aziwerengera mabuku kapena kugonekera ana, ndiye kwa inu anagwira ntchito yake. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ine ndikupatsani nyimbo zowerengeka, zambiri mwa izo zazifupi, ndipo ndiyambira pa khutu lomwe muli nalo kale. Munthu wa alto anazolowera kugwira mzere wa pakati, uku soprano ikulira pamwamba, besi ikugunda pansi, iye osasochera. Nyimbo za classical zimamveredwa choncho, mizere ingapo pa nthawi imodzi. Anthu ambiri amavutika kuti aphunzire zimenezi, inu mumazichita Lamulungu lililonse.

Tiyambe ndi Handel yemweyo. Hallelujah ndi chidutswa chimodzi chabe mwa zidutswa pafupifupi 50 za Messiah, yomwe George Frideric Handel, Mjeremani wokhazikika ku London, anailemba m'masiku 24 m'chaka cha 1741. Mawu ake onse ndi mavesi a m'Baibulo omwe anasankha mnzake Charles Jennens. Inayimbidwa koyamba ku Dublin pa 13 Epulo 1742, nyengo ya Pasaka osati ya Khirisimasi monga ambiri amaganizira, ndipo ndalama zapakhomo zinapita kuzipatala ziwiri komanso kukawombola anthu omwe anali m'ndende chifukwa cha ngongole. Yonse imatenga maola awiri ndi theka. Musaimeze yonse lero.

Sakani kaye He was despised, yomwe ndi ya alto mmodzi, mawu anu enieni, yochokera pa Yesaya 53:3. Mvetserani mmene mavayolini amamuyankhira woyimbayo. Iye atchula mawu awiri atatu, n'kusiya. Mavayolini ausa moyo pang'ono, n'kusiya nawonso. Pali malo ena pomwe zing'wenyeng'wenye zonse zimakhala chete, woyimba n'kutsala yekhayekha, monga anatsalira munthu amene nyimboyo ikumunena. Pakati pake, pofika pa vesi ya kupereka msana kwa omenya, mavayolini amasintha n'kuyamba kudukiza mwaukali ngati mkwapulo, kenako zonse zimabwerera poyamba. Imatenga mphindi ngati khumi. Mukatha imeneyo mverani I know that my Redeemer liveth, ya pa Yobu 19:25, yomwe mu Messiah imatsatira Hallelujah pompo. Chiphokoso chonse chija chikatha, pamatsala soprano mmodzi akuyimba modekha, ndipo ine ndimaona kuti luso la Handel lili pamenepa.

Kenako bwererani ku Hallelujah, koma ulendo uno musayimbe nawo, ngakhale pakamwa payabwe. Pofika pa mawu akuti adzalamulira kunthawi za nthawi, tsatirani mmene mutu umodzi ukuyambira ku besi, n'kupita ku tena, ku alto, pomaliza ku soprano, aliyense akulowa anzake asanamalize. Kayimbidwe kopisana kotere azungu amati fugue, ndipo mukakazindikira pano mudzakazindikira paliponse. Pa Mfumu ya mafumu, onani soprano akukwera sitepe imodzi imodzi pamodzi ndi lipenga. Ndiye pali kachetechete kaja kotsala pang'ono kumapeto. Makwaya omwe ndaphunzitsako, tsiku loyamba sipalephera kupezeka bambo mmodzi wa besi yemwe amagweramo yekha ndi "Ha" wake wamkulu, ena onse ali duu. Timaseka, koma iye ndi amene amatiphunzitsa kuti kukhala chete kuja n'kolembedwa, ndi mbali ya nyimbo.

Johann Sebastian Bach anabadwa chaka chimodzi ndi Handel, 1685, m'dziko lomwelo. Musamuope chifukwa cha chithunzi chake cha wigi. Munthuyu anali kwayamasitala. Kuyambira 1723 mpaka kumwalira kwake mu 1750 ankagwira ntchito pa tchalitchi cha St Thomas ku Leipzig, kuphunzitsa anyamata asukulu ndi kukonza nyimbo za mapemphero a sabata ndi sabata, uku akukangana ndi akuluakulu a mzindawo pa nkhani ya ndalama ndi kuchepa kwa oyimba odziwa. Mu St Matthew Passion, yomwe anaikonzera mapemphero a Lachisanu Loyera, muli chidutswa chomwe ndingakupatseni mutati ndisankhe chimodzi chokha m'yankho lonseli. Dzina lake ndi Erbarme dich, kutanthauza kuti ndichitireni chifundo. Tsegulani Mateyu 26, muwerenge kuyambira vesi 69 mpaka kumapeto, pomwe Petro wakana Ambuye katatu, tambala walira, iye watuluka kunja akulira ndi kuwawa mtima. Nyimboyi imayambira pomwepo. Vayolini imodzi ndi imene imayamba, ikupindapinda mawu ngati munthu wosisima. Alto akalowa, amatola mutu womwewo koma sautha wonse monga vayolini, amauyamba n'kuusiya panjira, vayolini n'kumumalizira. Pansi penipeni pali zing'wenyeng'wenye zazikulu zomwe akuzikodola ndi chala, phi, phi, phi, kutsika pang'onopang'ono ngati madontho. Chijeremani simuchifuna pano. Mphindi zisanu ndi ziwiri zikakwana, zimitsani foni mukhale kaye.

Kuti musaganize kuti nyimbo zozama za m'tchalitchi ndi za ku Ulaya kokha, mverani Missa Luba. Inajambulidwa mu 1958 ndi kwaya ya anyamata ndi aphunzitsi a ku Kamina m'dziko la Congo, motsogozedwa ndi wansembe wa ku Belgium, Guido Haazen. Mawu ndi a Misa ya Chilatini, koma mayimbidwe ndi a kumudzi kwawo, ng'oma ndi maseche zili momo, mmodzi akuyambitsa ena akuvomera. Nthawi imeneyo n'kuti msonkhano waukulu wa Vatican wa 1962 mpaka 1965, womwe unatsegulira zilankhulo ndi zoyimbira za makolo m'Misa, usanachitike. Yambani ndi Kyrie, kenako Sanctus. Zonse ndi zazifupi kwambiri.

Ku America ndikulozerani ziwiri. Precious Lord, Take My Hand anaipeka Thomas Dorsey mu 1932, mkazi wake atamwalira pobereka, khandalo n'kutsatira posakhalitsa. Mverani mmene amaiyimbira Mahalia Jackson, yemwe anaiyimbanso pa maliro a Martin Luther King, m'busa womenyera ufulu wa anthu akuda, mu 1968. Amaikoka, amachedwa pa liwu limodzi mpaka mtima wanu kufuna kumukankha, koma sathamanga. Ina ndi Amazing Grace ya Aretha Franklin, yojambulidwa mu Januwale 1972 m'tchalitchi cha Baptist ku Los Angeles, anthu ali momo. Nyimbo yomwe ife timaitha mphindi zitatu iye amaitenga kupitirira mphindi khumi, mpingo ukufuula pakati. Ena zimawasangalatsa, ena amati wanyanyira. Ine ndili mbali ya oyambawo, koma ndimawamvetsa enawo.

Tsopano zopanda mawu zija, zomwe zinakugonetsani. Vuto lake n'lakuti ife tinakula ndi nyimbo zonena nkhani, ndiye mawu akasowa khutu limasowa pogwira. Choncho yambani ndi yomwe pogwira pake pali poyera, Boléro ya Maurice Ravel wa ku France, ya mu 1928. Inu a ku Dowa simufunika kuuzidwa kuti pabwalo ng'oma zing'onozing'ono zimagwira kugunda kumodzi osasintha pomwe mbalule ikulankhula pamwamba. Boléro inamangidwa chimodzimodzi. Kang'oma kamodzi, konga ka bandi ya asilikali, kamayamba motsitsa kwambiri, ndipo kugunda kwake sikusintha kwa mphindi pafupifupi 15. Pamwamba pake pali mitu iwiri yokha yomwe imangosinthana. Chitoliro chiyamba, klarineti ilandira, china chilandira, mpaka saxophone ndi trombone, pomaliza gulu lonse la oyimba zing'wenyeng'wenye, lomwe amati okestra. Chomwe chikusintha ndi mtundu wa liwu ndi kukula kwake basi. Pano vidiyo imathandiza, chifukwa kamera imaloza choyimbira chilichonse chikamalowa, ndiye m'mphindi 15 mwadziwa nkhope ndi liwu la zoyimbira zambiri za okestra. Chenjezo limodzi: poyambapo mudzaona ngati foni yawonongeka, musakweze voliyumu kwambiri, mudzagontha ikamafika kumapeto. Itatsala pang'ono kutha, nyimbo yonse imadumphira pa kiyi ina mwadzidzidzi, ndipo mudzamva ngati wina watsegula chitseko.

Antonio Vivaldi anali wansembe wa ku Venice yemwe ankaphunzitsa vayolini atsikana amasiye. The Four Seasons yake, yosindikizidwa mu 1725, ili ndi nyimbo zinayi za nyengo zinayi za kwawo, iliyonse ndi ndakatulo yofotokoza zomwe zikuchitika. Ambiri amathamangira Spring chifukwa anaimva kale m'mafoni. Inu tengani Summer. Imayamba molefuka ngati masana a mu Okutobala, munthu ndi ziweto zomwe zafooka ndi dzuwa. Njiwa ilira, kamphepo kadutsa, mbusa ayamba kuda nkhawa, ntchentche zikumuvutitsa, kutali kukugunda. Gawo lachitatu ndiye chimvula cha matalala. Aliyense amene anathamangirapo kukaanula ufa chizimalupsa chikubwera aimva popanda womasulira.

Ya Ludwig van Beethoven tengani gawo loyamba la Symphony No. 5, ya mu 1808. Pa masolofa poyambira pake ndi mi mi mi do, re re re ti. Basi. Mphindi zisanu ndi ziwiri zonse wazimanga ndi kanjerwa kameneka, akukatembenuza, akukaponya kuchokera ku mavayolini kupita ku malipenga, ndipo masewera anu akhale owerenga kuti kabwera kangati, mudzatopa nokha. Chakumapeto okestra yonse imaima, oboe imodzi, mtundu wa chitoliro, n'kuyimba kamzere kachisoni payokha, kenako mkuntho n'kuyambiranso. Symphony No. 9 ya mu 1824, yomwe anailemba makutu atagontha, ili ndi kwaya kumapeto ndipo mutu wake mukuudziwa kale, mi mi fa so so fa mi re. Koma imapitirira ola limodzi. Idikire.

Ya madzulo, ana atagona, ndi Largo ya mu Symphony No. 9 ya Antonín Dvořák, yotchedwa From the New World. Anailemba ali ku New York mu 1893, komwe wophunzira wina wachikuda, Harry Burleigh, ankamuyimbira nyimbo zauzimu za makolo ake a nthawi ya ukapolo. Mutu wake ndi wa Dvořák mwini, mi so so, mi re do, koma fungo la nyimbo zija likumveka, moti patapita zaka anthu anauikira mawu n'kumauyimba pamaliro.

Za chamba chodziwika, ndisankha zomwe zimapirira kuzimvera mutakhala pansi, osati zovinira zokha. Yoyamba ndi Stimela ya Hugh Masekela wa ku South Africa. Inatuluka mu 1974, koma sakani yomwe ili pa chimbale cha Hope, yoyimbidwa pamaso pa anthu, ya mphindi khumi. Imanena za sitima ya malasha yomwe inkanyamula amuna kupita nawo kumigodi ya ku Johannesburg, ndipo pa mayiko omwe Masekela amatchula kuti sitimayo imachokera, Malawi ali momo. Ng'oma ndi kabelu zimayamba ngati sitima ikunyamuka, iye n'kuyamba kulankhula motsitsa za ntchito ya pansi pa nthaka, zakudya za m'mbale zachitsulo, zipinda zauve ndi mabanja osiyidwa kumudzi. Liwu likukwera, likukwera, mpaka amakuwa ngati wezulo ya sitima, lipenga lake n'kulandira. Ngati kwanu kuli agogo omwe anapitako ku Joni pa Wenela kapena Theba, kapena omwe anadikirira tchona osabwera, muwayikire. M'chaka chomwecho cha 1974, mu Epulo, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kumudzi, ndipo boma la Kamuzu linaimitsa kaye zotumiza anthu kumigodi. Mukaimva mukudziwa zimenezi imalemera mwina.

Kwathu kuno, anthu awiri amene timawapeputsa chifukwa chowazolowera pa wayilesi ndi Daniel Kachamba wa ku Chileka ndi Allan Namoko wa ku Thyolo. Kachamba, yemwe anamwalira mu 1987, anatola chamba cha nyimbo cha kwela ali mwana ku Harare, nthawiyo Salisbury, ndipo iye ndi mng'ono wake Donald anakaimveketsa mpaka ku Ulaya atakumana ndi Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria, mu 1967. Mvereni ndi khutu lomwe lija la fugue. Gitala ndi imodzi, koma chala chachikulu chikuyenda ndi besi, zala zina zikuyankha pamwamba, liwu lake likudutsa pakati, mizere itatu mwa munthu mmodzi. Namoko anali wosaona, ankayimba banjo ndi gitala ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Yambani ndi Lameki ndi Achilekwa. Liwu lake ndi lokhakhala, silikanapambana mpikisano wa makwaya, koma limaluma, ndipo ndimaliika pa shelefu imodzi ndi Mahalia Jackson mosaphethira. Mukafuna kubwerera m'mbuyo kwambiri, sakani zomwe Hugh Tracey anajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, zomwe zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Muli nyimbo za pamtondo, bangwe ndi zina. Amayi awiri akusinja, misi ikusinthana, mawu akupisana pamwamba pake. Mudzaona kuti mizere ingapo nthawi imodzi sitinaiphunzire kwa amishoni.

Ena mwachidule. Wambali Mkandawire, chimbale cha Zani Muwone cha mu 2002, kuti mumve jazz ikuyenda ndi Chitumbuka. Evison Matafale, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, chifukwa cha mawu ake komanso mmene ovomera amamuzingira. Franco wa ku Congo, Mario ya mu 1985, yaitali ndithu, yodzudzula mnyamata wophunzira yemwe akudyera mayi wachikulire, magitala akulukana pansi osatopa.

Za mnzanuyo. Chiphunzitso cha mpingo wanu ndi cha abusa anu, ine sindilowerera. Koma mbiri ya nyimbo ndingaikambe. Mu St Matthew Passion muja muli nyimbo ya mpingo yomwe Bach amaibwereza kasanu, ija yonena za mutu wa Yesu wovulazidwa ndi minga, yomwe ili m'mabuku a nyimbo a mipingo yambiri padziko. Mayimbidwe ake anawapeka Hans Leo Hassler mu 1601, ndipo poyamba inali nyimbo ya mnyamata wodandaula kuti namwali wamusokoneza mutu. Dorsey wa Precious Lord uja ankayimba piyano ya blues m'malo azisangalalo pansi pa dzina loti Georgia Tom, ndipo zala zomwezo ndi zimene anabwera nazo m'tchalitchi. Bach mwiniwake, Lamulungu ali kutchalitchi, mkati mwa sabata ankatsogolera oyimba m'nyumba yomwera khofi ku Leipzig, mpaka analemba nyimbo yoseketsa ya mtsikana wokonda khofi. Zilipo nyimbo zadziko zomwe sindingayike m'nyumba mwanga, zotukwana ndi zonyoza amayi. Ziliponso zotchedwa zauzimu zomwe ndi kiyibodi ya kugunda kumodzi ndi mawu atatu obwerezabwereza, zojambulidwa masana amodzi. Ine ndimafunsa chomwe nyimbo ikunena ndi ntchito yomwe woyimba waikamo. Nyimbo yolira anthu ofera kumigodi sindiona chomwe ingadetse mwa munthu wa kwaya.

Pa nkhani ya bandulo, posaka pa YouTube lembani dzina la wopeka ndi dzina la chidutswa chenichenicho monga ndalembera pano, osati "classical music" chabe, ndipo tsitsani kawonekedwe ka vidiyo kakhale kotsika, chifukwa chithunzi ndi chimene chimadya. Gwiritsani ntchito mahedifoni ngakhale otchipa. Kasipika ka foni kamameza besi, ndipo madontho aja a mu Erbarme dich simungawamve. Mukaona mawu oti Allegro ndiye kuti gawolo n'lothamanga, Adagio ndi Largo n'zapang'onopang'ono. Nyimbo imodzi izikutengerani sabata. Koyamba ingoimvani. Kachiwiri sankhani mzere umodzi, kaya besi kaya chitoliro, muutsate osausiya. Kachitatu muimve mawa lake mukutsuka mbale, muone ngati mukudziwa chomwe chikubwera kutsogolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yomwe yakana kulowa mutaimva katatu isiyeni, si mlandu. Ine pali anthu otchuka omwe mpaka lero sandilowa.

Ndasungira kumapeto imodzi yomwe kwaya yanu ingathe kuyimba, Ave verum corpus ya Wolfgang Amadeus Mozart. Anailemba mu Juni 1791, pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi asanamwalire ali ndi zaka 35, ndipo anailembera mnzake Anton Stoll, kwayamasitala wa tchalitchi cha m'tauni yaing'ono ya Baden pafupi ndi Vienna. Ndi ya Chilatini, yonena za thupi la Khristu lopachikidwa, yoyenera pa mgonero. Ili ndi mabala a nyimbo (bars) 46 okha, mphindi zitatu, mawu anayi, palibe yemwe akukwera mopweteka khosi, ndipo ikhoza kuyimbidwa ndi kiyibodi yokha. Langizo lomwe Mozart analemba pa kukula kwa mawu ndi limodzi, loti muyimbe motsitsa, ndipo pamenepa ndi pomwe makwaya athu amagwa, chifukwa tinazolowera kuti kuyimba bwino ndi kuyimba mokweza. Pakati pa nyimbo, pomwe ikunena za nthiti yolasidwa, kiyi imasuntha mwakachetechete, ndiye a alto mukhale tcheru ndi masolofa anu pamenepo. Ikatha mbali imeneyo, soprano ndi alto mumayamba awiri, tena ndi besi n'kukutsatirani bala imodzi pambuyo. Mukawachenjeze abambowo kuti asalowe msanga.